Funsani Tikuyankheni: Mavoti 43 amene adagwetsa a Churchill ku Westminster mu 1924

M'kope lathu lapitalo, pokamba za kulemera kwa voti ya munthu mmodzi, tidatchula mongodutsa kuti a Winston Churchill, amene adadzatsogolera dziko la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adagonjapo pa chisankho chachibwereza cha phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi mavoti 43 okha. Mzere umodzi umenewo wabweretsa makalata ambiri kuposa nkhani yonseyo, ndipo mwa makalatawo tasankhapo anayi.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale. Ana anga a Fomu 4 amawadziwa a Churchill ngati munthu amene adalimbana ndi Hitler, ndipo nditawawerengera zimene mudalemba adandifunsa mafunso amene ndidalephera kuyankha. Kodi chisankho chimenechi chidachitikira kuti, nanga zidatheka bwanji kuti munthu wotchuka chotere agwetsedwe ndi munthu amene dzina lake sitilimva n'komwe? — Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba anawo muwauze kuti a Churchill amene iwo akuwadziwa ndi a mu 1940, pamene a mu 1924 adali munthu wa zaka 49 amene adalibe mpando m'Nyumba ya Malamulo, adalibe chipani chenicheni, ndipo anthu ambiri ankati ndale zawo zatha.

Chisankhocho chidachitika pa 19 Malichi 1924 m'dera lotchedwa Westminster Abbey, dzina lochokera ku tchalitchi chachikulu chimene mafumu a ku England amavekedwera chisoti chaufumu. Derali lidali pakati penipeni pa mzinda wa London. M'kati mwake mudali Nyumba ya Malamulo yomweyo, maofesi a boma a ku Whitehall, malo ochezera anthu olemera a mumsewu wa Pall Mall, nyumba za zisudzo za ku Strand, msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba wa Covent Garden, komanso Soho, kumene kunkakhala anthu ochokera kumaiko osiyanasiyana. Kuseri kwa misewu yokongolayo kudalinso nyumba zothithikana za anthu aganyu, onyamula katundu pamsika ndi ogwira ntchito m'mahotela. Mpando wa derali udali m'manja mwa chipani cha Conservative, ndipo udatsala wopanda mwini mu Febuluwale chaka chomwecho atamwalira phungu wake, Brigadier-General John Nicholson.

Kuti mumvetse chimene chidawakokera a Churchill kumeneko, muyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Iwo adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1900 ngati phungu wa Conservative wa dera la Oldham. Mu 1904 adachoka m'chipanicho n'kulowa cha Liberal chifukwa ankatsutsa maganizo oika msonkho pa katundu wochokera kunja, ndipo ali ku Liberal adakhala nduna m'maunduna angapo akuluakulu, kuphatikizapo wa za m'dziko, wa asilikali apamadzi ndi woyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain. Koma mu Novembala 1922 adataya mpando wawo wa ku Dundee ku Scotland, atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba imene idawalepheretsa kuchita kampeni mokwanira, ndipo mu Disembala 1923 adagonjanso ku Leicester West kwa a Frederick Pethick-Lawrence a chipani cha Labour.

Chisankho cha mu Disembala 1923 chimenecho sichidapatse chipani chilichonse aphungu okwanira kulamula pachokha. Conservative idapeza mipando 258, Labour 191 ndipo Liberal 158. Mu Januwale 1924 a Liberal, motsogozedwa ndi a Herbert Asquith, adagwirizana ndi a Labour kugwetsa boma la a Stanley Baldwin, mtsogoleri wa Conservative, ndipo a Ramsay MacDonald adakhala nduna yaikulu yoyamba yochokera ku Labour m'mbiri ya dzikolo. Apa m'pamene a Churchill adasiyanirana ndi a Liberal. Iwo ankadana kwambiri ndi sosholizimu, maganizo a chipani cha Labour akuti chuma chachikulu cha dziko chikhale m'manja mwa boma m'malo mwa anthu ochepa olemera, ndipo sadathe kukhalabe m'chipani chimene chidatsegulira a Labour khomo la boma. Pa nthawi yomweyo a Baldwin adasiya mfundo ya msonkho wa katundu wakunja ija, kotero chimene chidawachotsa a Churchill ku Conservative zaka 20 m'mbuyomo chidali chitachoka panjira.

Vuto lidali lakuti kubwerera kumudzi kumene udachoka motukwana sikuchitika tsiku limodzi. Akuluakulu ena a Conservative, monga a Austen Chamberlain ndi Lord Birkenhead, ankafuna kuti a Churchill aimire chipanicho ku Westminster Abbey, ndipo eni nyuzipepala zikuluzikulu, Lord Beaverbrook ndi Lord Rothermere, adawalimbikitsa kuti aime. Koma mphamvu yosankha woimira chipani idali m'manja mwa komiti ya chipani ya m'deralo, ndipo komitiyo idasankha a Otho Nicholson, mwana wa mchimwene wawo wa malemu aja, amene mwa chikhalidwe chathu tikadangoti mwana wawo. Banja la a Nicholson lidali lolemera, lodziwika ndi kampani yotcheza kachasu wachizungu wotchedwa gin, ndipo anthu a chipani m'deralo ankalidziwa ndi kulikhulupirira. A Churchill ataona kuti akanidwa, adaima paokha, n'kudzitcha woima payekha wotsutsa sosholizimu.

Kampeni yake idali yaifupi koma yaphokoso. Aphungu ambiri a Conservative adachitira a Churchill kampeni poyera, kutsutsana ndi munthu amene chipani chawo chomwe chidaimika. A Churchill adayenda m'misewu ya deralo pa ngolo yokokedwa ndi akavalo anayi, ndipo iwo eni adadzalemba pambuyo pake kuti atsikana ovina a kunyumba ya zisudzo ya Daly's adachezera usiku wonse kulemba maadiresi pa maenvelopu a makalata awo okopa anthu. Mnyamata wina wa ku Ireland, Brendan Bracken, amene adadzakhala bwenzi lawo la moyo wonse ndiponso nduna m'boma lawo la nthawi ya nkhondo, adali m'gulu la oyendetsa kampeniyo. A Baldwin adali pakati pa moto uwiri. A Arthur Balfour, amene adakhalapo nduna yaikulu, adalemba kalata yoikira kumbuyo a Churchill, ndipo a Baldwin adayamba aigwira kalatayo kuti isatuluke poopa kung'amba chipani. Adailola kutuluka pokhapokha a Leo Amery, mkulu winanso wa chipanicho, atalemba yawo m'nyuzipepala yoikira kumbuyo a Nicholson.

Zotsatira zake zidali izi: a Otho Nicholson adapeza mavoti 8,187, a Churchill 8,144, a Fenner Brockway a Labour 6,156 ndipo a James Scott Duckers a Liberal 291.

Pa funso lanu lakuti zidatheka bwanji, ine ndikuona kuti yankho lili pa kusiyana kwa dzina ndi mizu. A Churchill adali ndi dzina, nyuzipepala ndi anthu otchuka, koma a Nicholson adali ndi anthu amene kwa zaka zambiri ankasunga kaundula wa ovota, odziwa khomo lililonse ndi amene amakhalamo, odziwa nkhalamba yofunika kuitengera galimoto pa tsiku loponya voti. Dongosolo lotere silimangidwa m'masabata awiri kapena atatu. Komanso adalipo a Conservative ambiri amene sadaiwale za 1904, ndi ena amene ankawakumbukira a Churchill chifukwa cha nkhondo ya ku Dardanelles, m'dziko la Turkey, ya mu 1915, imene iwo adailimbikitsa ali nduna ya asilikali apamadzi ndipo idaphetsa asilikali ambirimbiri popanda phindu. Chodabwitsa chenicheni, chimene ndikufuna anawo achione, si chakuti adagonja ayi, koma chakuti munthu wopanda chipani adatsala pang'ono kulanda umodzi mwa mipando yokhazikika kwambiri ya Conservative m'dziko lonselo.

Ndipo kugonja kumeneko kudawathandiza kuposa mmene kupambana kukadawathandizira. Akadapambana, akadalowa m'Nyumba ya Malamulo ngati munthu amene wachititsa manyazi chipani ndi mtsogoleri wake, ndipo chilonda chimenecho chikadatenga nthawi kuti chipole. Pogonja ndi mavoti ochepa chotere adaonetsa mphamvu zawo popanda kulanda kanthu kwa a Baldwin. Mu Meyi 1924 adalankhula pa msonkhano wa Conservative ku Liverpool, koyamba m'zaka 20. Boma la a MacDonald litagwa, adaima ku Epping pa chisankho cha pa 29 Okutobala mothandizidwa ndi a Conservative a kumeneko, n'kupambana ndi mavoti ochuluka, ndipo patangopita masiku ochepa a Baldwin adawapatsa unduna wa zachuma, udindo umene bambo awo, Lord Randolph Churchill, adaugwirapo mu 1886. Kuchokera pa kugonja kwa ku Westminster kufika pa unduna umenewu sipadathe miyezi isanu ndi itatu.

FUNSO: Ine ndakhalapo woyang'anira chisankho pamalo oponyera voti kangapo konse, ndipo ndikudziwa mmene mitima imakwerera mavoti akayandikana. Kodi kusiyana kwa mavoti 43 sikukadachititsa kuti chisankho chibwerezedwe? Ndipo kodi si munthu wa Liberal uja amene adawalanda a Churchill chipambano? — Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Mayi, mavotiwo adawerengedwa kachiwiri, koma chisankho sichidabwerezedwe, chifukwa lamulo la ku Britain pa chisankho cha aphungu ndi lakuti amene wapeza mavoti ochuluka kuposa wina aliyense ndiye wapambana, ngakhale atasiyana ndi mnzake ndi voti imodzi. Ndi lamulo lomwelo limene ife tidatengera kwa iwo ndipo tikuligwiritsabe ntchito posankha aphungu ndi makhansala. Lija la kuposa theka la mavoti onse, limene lidakhazikika kuno mu 2020, limakhudza chisankho cha mtsogoleri wa dziko chokha. Pa tsiku lowerengera mavoti ku Westminster padali chisokonezo ndithu, pakuti mphekesera idayamba kumveka yakuti a Churchill apambana, ndipo owatsatira adayamba kusangalala ziwerengero zenizeni zisadalengezedwe. Inu amene mwakhalapo m'chipinda chowerengera mavoti mukudziwa kuopsa kwa mawu otuluka pakhomo fomu ya zotsatira isadasainidwe.

Tiyeni tiziyang'ane bwino ziwerengerozo. Mavoti onse a anthu anayiwo akaphatikizidwa akukwana 22,778. A Nicholson adapambana ndi mavoti osakwana 36 pa 100 alionse, kutanthauza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu amene adavota adafuna munthu wina. Kukadakhala kuti anthu 22 okha mwa amene adavotera a Nicholson adasintha maganizo n'kuvotera a Churchill, zotsatira zikadatembenuka, pakuti a Churchill akadakhala ndi 8,166 ndipo a Nicholson 8,165. Anthu 22 sadzaza n'komwe maminibasi awiri.

Tsono za a Scott Duckers. N'zoona kuti mavoti awo 291 ndi ochuluka kuposa 43, ndipo n'chapafupi kunena kuti akadapanda kuima, a Churchill akadadutsa. Ine sindikugwirizana nawo maganizo amenewa. A Duckers adali loya amene adamangidwapo pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse chifukwa chokana kulowa usilikali potsata chikumbumtima chawo. Anthu a Liberal amene ankawakondabe a Churchill adali atawavotera kale, ndipo n'chifukwa chake mavoti a chipanicho adatsika kufika pa 291. Amene adatsalira kwa a Duckers adali anthu ouma khosi pa chipani chawo, amene ankaona a Churchill ngati wothawa gulu, kapena odana ndi nkhondo, amene akadasowa woimira wawo akadapita kwa a Brockway kapena kukhala kunyumba. Voti si katundu woti mwini wake akachoka n'kungomusamutsira kwa woyandikana naye. Chimene mavoti 291 aja adaonetsa kwenikweni ndi kufooka kwa chipani cha Liberal. A Duckers adataya ngakhale ndalama ya chikole ya mapaundi 150 imene woimira aliyense ankapereka, chifukwa lamulo linkati wosafika pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mavoti asabwezeredwe, ndipo pa chisankho cha mu Okutobala chaka chomwecho aphungu a Liberal adatsika kuchoka pa 158 kufika pa 40.

Amene adali pafupi kudyerera pa kugawikana kumeneku adali a Labour. Mavoti a anthu awiri otsutsa sosholizimu aja akaphatikizidwa akukwana 16,331, koma chifukwa adagawikana pakati, a Brockway adatsalira ndi mavoti 2,031 okha kumbuyo kwa wopambana, m'dera limene palibe amene ankaganiza kuti Labour ingaonetseko nkhope.

Popeza ndinu mayi wokonda za chisankho, ndionjezepo ichi chimene simudafunse. Pa chisankho chimenechi mwamuna ankavota akakwanitsa zaka 21, koma mkazi ankayenera kukhala ndi zaka 30 ndiponso kukwaniritsa zina zokhudza nyumba kapena katundu, malinga ndi lamulo la mu 1918. Kusiyanitsa kumeneku kudatha mu 1928. Choncho ambiri mwa atsikana amene adachezera kulemba maenvelopu a a Churchill, ngati adali osakwana zaka 30, sadaloledwe kuponya voti pa chisankho chimene adachigwirira ntchito. Pa nthawi yomweyo munthu wokhala kwina koma wokhala ndi malo a bizinesi m'deralo ankatha kuvotanso kachiwiri kumeneko, mwayi umene udathetsedwa ndi lamulo la mu 1948. M'dera lodzaza masitolo ndi maofesi ngati limeneli, mavoti 43 aja adachokera m'kaundula amene sadali wofanana kwa onse.

FUNSO: Munthu amene adachoka ku Conservative kupita ku Liberal n'kubwereranso ku Conservative, kuno tikadati alibe chilungamo. Kodi kwawoko kulibe lamulo ngati Gawo 65 lathu? — Wophunzira zamalamulo, Zomba

YANKHO: Kulibe. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lathu limapatsa Sipikala mphamvu yolengeza kuti mpando ulibe mwini ngati phungu wachoka m'chipani chimene adasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumbamo. Ku Britain lamulo limaona kuti anthu adasankha munthu, osati chipani, kotero a Churchill atasamuka mu 1904 adakhalabe phungu wa Oldham mpaka chisankho cha mu 1906, pamene adakaima ku Manchester North West. Pa ulendo wobwerera nkhaniyi sidabuke n'komwe, chifukwa mu 1924 adalibe mpando woti alandidwe, ndipo adalowanso mwalamulo m'chipani cha Conservative mu 1925. Koma kusakhalapo kwa lamulo sikutanthauza kusakhalapo kwa chilango. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ku Westminster a Churchill adavumbwadi, pakuti a Liberal adawaimikira munthu wowatsutsa ndipo komiti ya Conservative idawatsekera khomo. Kukaikiridwa kumeneko kudawatsata kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale mu Meyi 1940, pamene ankalandira udindo wa nduna yaikulu, aphungu ambiri a chipani chawo chomwe mitima yawo idali ikadali kwa a Neville Chamberlain, nduna yaikulu imene iwo ankailowa m'malo. Powaweruza, muyang'anenso kuti maulendo onse awiri adatchula poyera mfundo imene ankasamukira, ndipo ulendo wachiwiriwu adakaima pamaso pa ovota asadalandire udindo uliwonse.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndine wachikulire, ndidabadwira ku Nkhotakota koma ndakhalitsa kuno ku Zimbabwe. Mdzukulu wanga atafufuza pa foni za chisankho chimene mudatchulacho adandiwerengera dzina la Brockway. Dzina limeneli tinkalimva nthawi ya chitaganya. Kodi ndi munthu yemweyo? — Gogo wa ku Bulawayo

YANKHO: Agogo, makutu anu sadakunamizeni, ndi munthu yemweyo, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa, chifukwa nkhani ya chisankho chimenechi ikamakambidwa anthu amangotchula awiri oyambirira aja, wachitatuyu n'kumusiya, pamene kwa ife ndiye amene mbiri yake imafika pakhomo pathu.

A Fenner Brockway adabadwira ku Calcutta m'dziko la India mu 1888, m'banja la amishonale. Adali mtolankhani, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba adathandiza kukhazikitsa bungwe la No-Conscription Fellowship, lokana kukakamiza anthu kulowa usilikali. Pa chifukwa chimenechi adatsekeredwa m'ndende, ndipo adatuluka mu 1919. Choncho pa chisankho cha ku Westminster, mwa anthu anayi amene adaima, awiri adali oti adalawapo ndende chifukwa chokana nkhondo, ndipo ankapikisana ndi munthu amene adakhalapo nduna ya asilikali apamadzi komanso nduna ya zankhondo. Mu 1924 a Brockway adali mlembi wa gulu la Independent Labour Party, limene pa nthawiyo lidali pansi pa chipani cha Labour, ndipo mavoti 6,156 amene adapeza adachokera makamaka kwa anthu a m'nyumba zothithikana zija, amene ngolo ya akavalo anayi sidawauze kanthu za lendi ndi ulova.

Patapita zaka pafupifupi 30 a Brockway ndi a Churchill adakumananso pa nkhani yathu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa mu 1953, a Churchill ali nduna yaikulu kachiwiri, ngakhale mafumu athu, a Nyasaland African Congress ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene pa nthawiyo adali dokotala ku London, adachikana momveka bwino. A Brockway, amene kuyambira mu 1950 adali phungu wa Labour wa dera la Eton and Slough, adali m'gulu la aphungu amene adachitsutsa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1954 adatsogolera kukhazikitsidwa kwa bungwe la Movement for Colonial Freedom, limene linkamenyera ufulu wa maiko olamulidwa ndi atsamunda, ndipo ankafunsa nduna mafunso osaleka pa zochitika ku Kenya, ku Nyasaland ndi kwina, mpaka anthu ena ankawatcha phungu wa Africa. N'chifukwa chake dzinalo linkamveka m'makomboni a ku Bulawayo ndi ku Salisbury (mzinda umene lero umatchedwa Harare), kumene anthu akwathu ambiri ankagwira ntchito. Adayesanso chaka ndi chaka kubweretsa lamulo loletsa tsankho la mtundu m'dziko la Britain lomwelo, ndipo lamulo lotere lidadzakhazikitsidwa mu 1965.

A Otho Nicholson, opambana aja, adakhala phungu wa Westminster Abbey mpaka 1932 pamene adatula pansi udindo, ndipo dera lenilenilo lidathetsedwa mu 1950. Koma a Brockway adakhalitsa, mpaka adamwalira mu 1988 ali ndi zaka 99. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, Malawi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho, pa chisankho chimene chipani chawo cha Labour chidabwerera m'boma, a Brockway adataya mpando wawo wa Eton and Slough kwa a Anthony Meyer a Conservative ndi mavoti 11.